Hatchi yanga ikundithawa chigwereni, kodi ikudziwa kuti ndikunamizira kulimba mtima?

Funso: Ndakhala ndi hatchi yanga yaikazi kwa zaka zinayi ndipo tinkamvana kwambiri. Miyezi isanu yapitayo inadzidzimuka ndi pepala lapulasitiki limene linauluka ndi mphepo, ine n'kugwa, n'kuthyoka mkono. Nditachira, aphunzitsi anga anandiuza kuti ndisamaionetse mantha ngakhale pang'ono. Ndiye ndimalowa m'khola ndikumwetulira, kuyankhula mokweza, kuyenda mwamphamvu ngati palibe chinachitika. Koma zinthu zikungoipiraipira. Ikandiona ndi chingwe imakaima kutali, ndikakwera imapukusa mutu n'kumakana kuyenda. Chondipweteka kwambiri n'chakuti mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 12, akabwera imamutsatira paliponse. Kodi ikudziwa kuti ndikunamizira? Kodi inasiya kundikonda?

Yankho: Pepani kwambiri ndi ngoziyo, mayi. Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza kuti mtima ukhale m'malo. Hatchi yanu sinakudeni, ndipo sikukusungirani mangawa. Funso loyambalo ndi limene ndikhalepo nthawi yaitali, chifukwa yankho lake ndi lakuti inde, ikuona kuti china chake sichili bwino mwa inu, ngakhale kuti mmene ikuonera n'zosiyana ndi mmene ife timagwirira munthu wabodza.

Hatchi siima n'kumalingalira kuti mayi awa akundinamiza. Nkhani ya chilungamo ndi chinyengo ndi yathu ife anthu. Iyo chimene imadziwa ndi thupi. Makolo ake ankasakidwa ndi zilombo kutchire, ndipo amene ankapulumuka ndi amene ankazindikira msanga kuti mnzawo waona zoopsa. Hatchi imodzi pagulu ikangotukula mutu n'kuumitsa khosi, anzake onse amakhala atakonzeka kale kuliyatsa liwiro, chilombocho asanachione n'komwe. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, moti imaona pafupifupi mbali zonse kupatula kumbuyo kwenikweni kwa mchira ndi pafupi penipeni ndi mphumi. Khutu lililonse limatembenuka palokha. Ntchentche ikatera panthiti, khungu la pamalo omwewo limanjenjemera n'kuithamangitsa. Nyama yomva ntchentche ingalephere bwanji kumva ntchafu za munthu zikauma pamsana pake?

Pali nkhani yakale imene ndimauza aliyense amene ndimamuphunzitsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mumzinda wa Berlin ku Germany munali hatchi yotchedwa Hans. Mwini wake, Wilhelm von Osten, amene anali mphunzitsi wa masamu, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti waiphunzitsa kuwerengera. Ankaifunsa samu, Hans n'kumagogoda pansi ndi chiboda mpaka kufika pa nambala yoyenera, kenako n'kusiya. Anthu ankakhamukira kudzaonerera. Mu 1904 gulu la anthu 13, kuphatikizapo dokotala wa ziweto ndi mkulu wa malo osungirako nyama a mumzindawo, linaiyesa n'kulengeza kuti silinapeze chinyengo. Ndipo linanena zoona, chifukwa von Osten sankabera. Amene anadzatulukira chinsinsi chake ndi Oskar Pfungst, wofufuza za kaganizidwe, amene anasindikiza zimene anapeza mu 1907. Iye anaona kuti wofunsa akamadziwa yankho, Hans ankakhoza pafupifupi mafunso 9 pa 10 aliwonse. Koma wofunsayo akakhala kuti yankho sakulidziwa, kapena hatchiyo ikatchingidwa maso kuti isamuone, inkangogogoda chigogodere. Chimene chinkachitika n'chakuti munthu akafunsa funso ankaweramira pang'ono kuyang'ana chiboda, thupi lili gwa kudikira. Kugogodako kukafika pa nambala yoyenera, mutu wake unkadzuka pang'ono kwambiri, kusuntha kumene anthu oonerera sankakuona n'komwe, ndipo Hans ankasiyira pomwepo.

Mbali imene ikukhudza inu ndi iyi. Pfungst, atadziwa kale chinsinsicho, ankayesa kudziletsa kuti asapereke chizindikiro chilichonse, koma zinkamukanika. Thupi lake linkaulula yankho iye asakufuna. Uyu anali munthu amene ankadziwa bwino chimene akubisa, ndipo chimene ankabisacho chinali nambala chabe. Inu mukuyesa kubisa mantha a munthu amene anamva fupa lake likuthyoka. Ntchito imene mwapatsidwayi ndi yoti palibe angaikwanitse, choncho musamadziimbe mlandu kuti mukulephera.

Ofufuza a ku Sweden, motsogoleredwa ndi Linda Keeling, analemba mu 2009 za kuyesa kwina kosavuta. Anthu ankadutsa ndi hatchi njira imodzimodzi kanayi, ena atakwera, ena akuitsogolera ndi chingwe. Asanadutse kachinayi ankauzidwa kuti munthu amene waima m'mbali mwa njirayo atambasula ambulera mwadzidzidzi. Ambulerayo sinatambasulidwe. Komabe mitima ya anthuwo inayamba kugunda mofulumira, ya mahatchi nayonso n'kutsatira, chonsecho mahatchiwo sanauzidwe kanthu ndipo sanaone choopsa chilichonse. Inunso mukakhala pamsana pake maso anu amangosakasaka pepala lina louluka. Iyo imamva kuti mukudikira chinthu choopsa, koma sidziwa kuti n'chiyani kapena chichokera kuti, ndiye imayamba kuchisaka nayonso.

Wina angati, ndiyetu munthu alimbikire kubisako. Tsoka lake n'lakuti kubisa kumakoleza moto womwewo. Munthu akamaumiriza nkhope kuti isaonetse za mumtima, nsagwada zimalimba, mapewa amakwera, mpweya umafupika. Ku yunivesite ya Stanford, Emily Butler, James Gross ndi anzawo anapeza mu 2003 kuti anthu awiri akamakambirana nkhani yomvetsa chisoni, mmodzi atauzidwa mwachinsinsi kuti abise mmene akumvera, magazi a mnzake wosadziwa kanthuyo ankayamba kuthamanga kwambiri, ndipo awiriwo sankagwirizana bwino. Zimenezi ndi za pakati pa anthu okhaokha, ife amene sitili tcheru ngati hatchi. Ku Japan nakonso, mu 2018, ofufuza ankaonetsa mahatchi chithunzi cha nkhope ya munthu, yosangalala kapena yokwiya, kenako n'kuwamvetsera mawu oyamikira kapena okalipa. Mawuwo akasemphana ndi nkhope, mahatchi ankatembenuka msanga n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kusonyeza kuti ankayembekezera kuti ziwirizi zigwirizane. Kumwetulira kwanu ndi mawu okwezawo, pamwamba pa thupi louma ndi mantha, kwa iyo ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tiyeni tione pafupi zimene zimachitika mukakwera, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Mwaika phazi pa chopondera, mwakhala pachishalo. Pakamwa mukuti "tiye, tiye" mokweza. Koma mpweya mwautsekera pachifuwa. Mawondo ndi ntchafu zapana nthiti zake chifukwa thupi silikufuna kugwanso. Msana waweramira kutsogolo, maso ali pa makutu ake kudikira kuti idzidzimuka nthawi yanji, zala zakoka zingwe mpaka chitsulo cha m'kamwa chikudinikiza nkhama ndi lilime. Chiyambire kuphunzitsidwa, hatchiyi inauzidwa kuti miyendo ikafinya ndiye kuti pita, zingwe zikakoka ndiye kuti ima. Inu mukunena zonse ziwiri pa nthawi imodzi.

Kuti mumvetse kulemera kwa zimenezi, kumbukirani mmene hatchi imaphunzirira. Imaphunzira pomasulidwa. Mukafinya ndi mwendo, iyo n'kusuntha, inu n'kumasula nthawi yomweyo, kumasulako ndi kumene kumaiuza kuti yakhoza. Malipiro ake aakulu pa ntchito yokwerayi ndi amenewo. Ndiye taganizirani mmene zilili panopa. Ikayenda, zingwe sizimasuka. Ikaima, miyendo siimasuka. Chilichonse chimene ikuyesa chikuoneka cholakwika, ndipo palibe khomo lotulukira. Kupukusa mutu kuja ndi kusakasaka poti kamwa lipume. Kukana kuyenda kuja ndi nyama imene yayesa mayankho onse amene ikudziwa, n'kupeza kuti palibe likugwira ntchito. Ndipo popeza chingwe cha m'manja mwanu ndi chimene chimatsogolera ku chisokonezo chimenechi tsiku ndi tsiku, yaphunzira kuti ikachiona ndi bwino kukaima kumpanda wakutali. Anthu ambiri amati kumeneku ndi kuderera kapena mwano, ndipo amafika potenga mkwapulo. Ine zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa mahatchi ochuluka amene ndawaona akulangidwa chifukwa cha "mwano" anali akungoyesetsa kumvera malamulo awiri otsutsana.

Za mwana wa mchemwali wanuyo zisakupwetekeni mtima. Iye alibe chimene akubisa. Akafuna kuiyandikira, thupi lake lonse limafuna zomwezo. Akachita mantha amabwerera m'mbuyo, osachita manyazi. Sabwera ndi cholinga choti lero zivute zitani ndikwere kuti ndidzitsimikizire kuti ndachira. Hatchi imamuwerenga mosavuta, ndipo nyama yosakidwa imapeza mpumulo pafupi ndi chinthu chimene ikutha kuchiwerenga. Zaka zinayi zija inunso munali wotero kwa iyo.

Ndikufuna mumve bwino kuti mantha paokha si poizoni. Ku yunivesite ya Guelph ku Canada, Katrina Merkies ndi anzake anachita kafukufuku waung'ono amene anatuluka mu 2014. Ankaimika munthu pakati pa bwalo, atamangidwa nsalu m'maso, osachita chilichonse, hatchi ili yomasuka kuyenda mmene ikufunira. Ena mwa anthuwo anali oopa mahatchi. Mahatchi sanabalalike nawo anthu amanthawo, ndipo mitima yawo inkagunda modekha ali nawo. Ine ndimazimva chonchi: munthu wamantha amene wangoima, osakoka, osafinya, osaumiriza kanthu, hatchi imatha kukhala naye bwinobwino. Chimene chimaisokoneza ndi mantha amene alowa m'manja ndi m'miyendo n'kuyamba kulamula, pamene pakamwa pakunenedwa zina.

Ndinaziona ndekha chaka chimene bambo anga anamwalira. Patangotha masiku ochepa ndinabwerera ku ntchito, nditadziuza kuti moyo uyenera kupitirira. Panali hatchi ina yofulidwa, yofiirira, imene ndinali nditaiphunzitsa kwa miyezi ingapo, ndipo inkabwera ndikangoimba mluzu. Tsiku limenelo ndinalowa m'bwalo mwachangu, ndikuimba mluzu womwewo, chingwe chili paphewa. Inandiyang'ana kamodzi, n'kutembenuka. Ndikapita kumanja, iyo kumanzere. Tinazungulira chonchi mwina theka la ola, ine ndikuyankhulabe mawu ansangala amene sankachokera mumtima. Mphamvu zitandithera ndinaponya chingwe pansi, n'kukhala pa ndowa yovundikira imene inali pafupi ndi mpanda, misozi n'kuyamba kutsika. Sindinaiyang'anenso. Patapita kanthawi ndinamva udzu ukuphwanyika kumbuyo kwanga, kenako mpweya wofunda pakhosi. Inaima pomwepo, mutu uli pansi, mlomo wam'munsi uli lende.

Sindikunena kuti inadziwa za maliro, kapena kuti inabwera kudzandipepesa. Chimene chinasintha ndi chooneka ndi maso. Mapewa anga anagwa, ndinasiya kuiyang'anitsitsa, ndinasiya kuilondola, mpweya unayamba kutuluka wonse. Kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo, thupi langa linkanena chinthu chimodzi. Chiyambire tsiku limenelo, ndikadzuka mtima uli wolemera, ndimasintha ntchito ya tsikulo kuti ilingane ndi mmene ndilili.

Koma pano ndichenjeze, chifukwa mawu akuti khalani mmene mulili ena amawamva molakwika. Kusanamizira sikupereka chilolezo chokhuthulira hatchi chilichonse chimene chili mumtima. Mkwiyo makamaka. Xenophon, msilikali ndi mlembi wa ku Greece amene analemba za kasamalidwe ka mahatchi zaka zoposa 2,300 zapitazo, analangiza kuti munthu asamagwire hatchi ali wokwiya, ndipo langizo limeneli silinakalambe. Ofufuza a ku yunivesite ya Sussex ku England anaonetsa mahatchi 28 zithunzi za nkhope za anthu mu 2016. Pa nkhope yokwiya mitima yawo inkathamanga msanga, ndipo ankaiyang'ana ndi diso lakumanzere, limene mahatchi amakonda kuonera zinthu zoopsa. Mu 2018 anapitiriza: hatchi ikaona chithunzi cha munthu atakwiya, n'kudzakumana naye maso ndi maso patapita maola angapo nkhope yake ili phee, inkamuyang'anabe mochenjera, ngakhale munthuyo sankadziwa kuti hatchiyo inaonetsedwa chithunzi chiti. Choncho tsiku limene mwafika mutapsa mtima, chilungamo chake n'kuvomereza kuti lero si tsiku lophunzitsa. Ipatseni madzi ndi udzu, muione ngati ili bwino, mubwerere.

Aphunzitsi anu sanalakwitse zonse. Chimene ankafuna n'choti hatchi ipeze mwa inu munthu wodalirika, amene zizindikiro zake ndi zomveka. Zimenezo n'zoona. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa njira yake. Kudekha kongovala kunja sikufika m'manja. Kudekha kumene hatchi imakumva kumabwera pamene munthu akuchita chinthu chimene thupi lake likuvomerezadi. Ndiye m'malo mokulitsa kulimba mtima konamizira kuti kufanane ndi ntchito, chepetsani ntchitoyo mpaka ifanane ndi kulimba mtima kumene muli nako lero. Akhalireni pansi aphunzitsiwo muwauze mosabisa kuti mukuopa, ndipo mukufuna kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mphunzitsi wabwino adzakumvetsani. Akakunyozani kapena kukukakamizani kukwera mukunjenjemera, funani wina.

Musanayambe chilichonse, itanani dokotala wa ziweto aione. Kupukusa mutu ndi kukana kuyenda ndi zizindikironso za ululu: mano akuthwa amene akucheka tsaya, msana wopweteka, zilonda za m'mimba, kapena mwendo umene ukutsimphina pang'ono moti diso wamba silingaone. Ngati inakhala miyezi osagwira ntchito pamene inu munkachira, minofu ya pamsana inasintha, ndipo chishalo chimene chinkakwana bwino kale mwina tsopano chikutsina. Palinso mkono wanu wothyokawo. Mkono umene unali m'chikhakha umakhala wouma ndi wofooka kwa nthawi, ndipo mwina mukukoka chingwe cha mbali imodzi kuposa chinzake osadziwa. Pemphani munthu akujambuleni vidiyo mukukwera, mudzaone manja anu. Kukonza za mumtima pamene hatchi ikumva ululu m'kamwa ndi kutaya nthawi, ndiponso n'kuilakwira.

Dokotala akanena kuti ili bwino, yambirani kutali kwambiri, kutali kuposa mmene mukuganizira. Pitani kukhola opanda chingwe, opanda chishalo, opanda cholinga chokwera. Mukafika pachipata imani, mudzifunse kuti mantha anga ali pati, kuyambira 1 mpaka 10. Nenani mokweza ngati mukufuna: "Lero ndikuopa, mtima ukugunda." Hatchi simva mawuwo, koma inu mumawamva. Matthew Lieberman ndi anzake ku Los Angeles anaonetsa mu 2007 kuti munthu akaona chithunzi cha nkhope yamantha kapena yokwiya n'kutchula dzina la mmene mwini nkhopeyo akumvera, mbali ya ubongo imene imaliza belu la zoopsa imatsika mphamvu. Kenako tulutsani mpweya pang'onopang'ono, motalika kuposa mmene mwaukokera, kangapo, mpaka mumve mapewa akutsika. Ngati mantha ali pa 3 kapena 4, lowani. Ngati ali pa 7, khalani kunja kwa mpanda, muziionerera ikudya. Limenelonso ndi tsiku la ntchito, ndipo si lotayika.

Mukalowa, musailunjike maso ndi chifuwa ngati mukukaigwira. Yendani mokhota, muime chapatali mutaipatsa phewa, muisiye isankhe. Ikabwera n'kukununkhizani, musathamangire kuigwira kumaso. Ikandeni m'munsi mwa khosi, pamene manyenje amathera, pafupi ndi pamwamba pa mapewa. Amenewo ndi malo amene mahatchi ogwirizana amakandana okhaokha ndi mano, ndipo ofufuza amene ankaonerera mahatchi a ku Camargue ku France, Claudia Feh ndi mnzake, anapeza mu 1993 kuti kukanda pamalo amenewa kumatsitsa kugunda kwa mtima wa hatchi. Kandani ndi zala mwamphamvu ndithu, osati kusisita mopepuka kapena kuimenya mapama pakhosi monga ambiri amachitira poyamikira. Mukapeza pamalo pake mudzaona mlomo wam'mwamba ukutalika n'kumagwedera, khosi likupendekera kwa inu. Mukatero chokani inuyo poyamba, iyo isanatope nanu.

Masiku angapo akadutsa chonchi, bwerani ndi chingwe, muivale kumutu, muikande, muivule, muzipita. Chingwe chisiye kutanthauza chisokonezo. Kenako yendani nayo pansi, mukuyeseza zinthu zing'onozing'ono zimene mungazinene ndi thupi lonse: tiye, ima, bwerera m'mbuyo phazi limodzi. Pemphani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo ikangoyamba kuchita, masulani pomwepo. Apa ndi pamene mukubwezeretsa chikhulupiriro chake chakuti mawu anu ali ndi tanthauzo limodzi. Pambuyo pake imani nayo pa chokwerera, pamene mumaima pofuna kukwera, koma osakwera. Tsiku lina ikani phazi pa chopondera, mulichotse. Tsiku lina kwerani, mutavala chipewa choteteza mutu, munthu wodziwa ataigwira chingwe, mupume katatu, mutsike. Kutsika musanafike pochita mantha aakulu kumaphunzitsa thupi lanu kuti pamsana paja pali potulukira, ndipo thupi lodziwa zimenezi silipana. Mukadzayamba kuyenda, lolani munthu wogwira chingwe uja atsogolere, inu mugwire manyenje kapena lamba womangidwa m'khosi mwake, kuti mantha akabwera zala zikoke pamenepo m'malo mokoka kamwa lake. Sitepe iliyonse muikhalepo mpaka ikutopetseni, ndipo mantha akakwera bwererani pa sitepe ya dzulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pepala lapulasitiki lija nalonso lili ndi ntchito yake. Kumbukirani kuti tsiku limene munagwa, iyonso inaopsedwa kawiri: ndi pepalalo, komanso ndi kumva munthu wake akuchoka pamsana mwadzidzidzi n'kugwa pafupi ndi miyendo yake. Nonse awiri muli ndi bala pa chinthu chimodzi. Pemphani mnzanu aime kutali ndi pepala, alipukuse pang'ono, inu muli pansi mutagwira chingwe momasuka. Hatchi ikayang'ana n'kukhalabe phee, mnzanuyo asiye. Mawa ayandikire pang'ono. Njira ina yabwino ndi yoti mnzanuyo aziyenda patsogolo akukoka pepalalo pansi, inu ndi hatchi mukulitsatira, chifukwa chinthu chimene chikuithawa sichiiopsa ngati chimene chikuibwerera. Musaimangirire n'kuikupizira pepala kumaso mpaka itasiya kulimbana. Hatchi yotero imaoneka ngati yadekha, chonsecho yangotaya mtima chifukwa yaona kuti palibe chimene ingachite.

N'chifukwa chake muyenera kuphunzira kuwerenga nkhope yake monga mmene iyo imawerengera yanu. Hatchi yodekhadi diso lake limakhala lofewa ndipo imaphethira, milomo imakhala yomasuka, makutu amayendayenda mopanda changu, nthawi zina imapumitsa mwendo umodzi wakumbuyo n'kutulutsa mpweya wautali m'mphuno. Hatchi yovutika, ngakhale itaima chilili, pamwamba pa diso pamachita makwinya, chibwano chimalimba, mphuno zimatambasuka, ndipo siphethira kawirikawiri. Iyo sidziwa kunamizira. Zimene ikukuonetsani ndi zimene zilipo, ndipo mukaziyankha, mwachitsanzo pobwerera m'mbuyo pamene diso lalimba, imaphunzira kuti mukuimva.

Za inu mwini, ngati ngoziyo imakubwererani m'maloto, kapena mtima umagunda kwambiri mukangomva fungo la chishalo, kaonaneni ndi mlangizi wodziwa kuthandiza anthu amene anakumana ndi zoopsa. Zimenezi zimachitikira ngakhale anthu amene akhala akukwera moyo wawo wonse, ndipo thandizo lake lilipo. Hatchi ingakhale mnzanu pa ulendowu, koma si bwino kuisenzetsa ntchito yonse yokuchizani.

Zaka zinayi zija sizinafufutike. Mahatchi amakumbukira anthu nthawi yaitali. Léa Lansade ndi anzake ku France anapeza mu 2020 kuti mahatchi ankatha kusankha chithunzi cha munthu amene ankawasamalira, ngakhale atatha miyezi 6 osamuona. Yanuyo ikukudziwani bwino, ndipo n'chifukwa chake kusintha kwanu kwaisokoneza chonchi. Zingatenge milungu iwiri kapena miyezi iwiri kuti ibwere yokha pachipata, ndipo padzakhala masiku ena obwerera m'mbuyo, makamaka kukakhala mphepo. Tsiku loyamba limene idzayende kuchokera kumpanda wakutali n'kudzaima pambali panu, mtima udzafuna kuti muthamangire chishalo. Musachitenge tsiku limenelo. Ikandeni m'munsi mwa khosi, muime nayo kanthawi, kenako mutuluke n'kutseka chipata.